Mwala wa Esinati

Mvula iyi sikata msanga, ndiye kokani mipando mukhale. Mwakhala mukufunsa chifukwa chimene ndinakanira kuti beseni lija liikidwe m'kabati ya magalasi pamodzi ndi zikho za mpira, ndipo ndikudziwa kuti kumbali mumati Mayi Chapola ukalamba wawalowa m'mutu. Chabwino, ndikuuzani. Koma amene afune kuseka pakati pa nkhani atuluke, akasekere pamvulapo.

Sukulu yathu ino anaiyambitsa a Yesaya Kathumba mu 1948. Masiku amenewo Kamtsitsi sanali malo oti n'kuwatchula tauni: masitolo atatu, msika wa fodya, ndi msewu wafumbi umene lole inkadutsa kawiri pa sabata. Sukulu inali ku mishoni, ulendo wa maola atatu, ndipo kumeneko mwana ankayamba walowa kalasi ya ubatizo asanagwire sileti. A Kathumba anali atagwira ukalaliki ku Halale zaka khumi ndi ziwiri. Anabwerako ndi njinga, jekete la khaki, ndi maganizo amene anthu anawaseka nawo mpaka nthiti kuwawa: akuti munthu wakuda akhale ndi sukulu yakeyake, yopanda mzungu, yopanda mpingo. Anaumba zidina ndi makolo ochepa amene anawamvera, anafolera udzu, n'kuyamba kulandira aliyense, mwana wa Msilamu, mwana wa kudambwe, ngakhale mtsikana. Makolo ankabweretsa chimanga kapena nkhuku, sukulu n'kumayenda.

Pepala linali losowa, choncho a Kathumba analibe kaundula wa mayina. Anali ndi beseni loyera lachitsulo. Mwana aliyense ankakatola kumtsinje nsangalabwi yoti adziizindikira yekha. M'mawa polowa ankaponya mwala wake m'beseni limene linkakhala pakhomo, ngwe, ndipo poweruka ankautolamo. Mwala ukatsala ndiye kuti mwana wasowa, ndipo panalibe woweruka kufikira mwanayo atapezeka. Sizinali nkhanza ayi. Ana ambiri ankachokera kutsidya kwa Chisenjere, mtsinje umene umadzaza osachenjeza, ndipo a Kathumba ankawawolotsa okha, nsapato atazimanga zingwe n'kuzikoleka m'khosi. Mawu awo anali akuti, "Tabwera pamodzi, tiweruka pamodzi." Kutolera mnzako mwala unali mlandu woposa kuba.

Zonsezi ndinazidziwa mu 2008, pamene sukulu inkakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. A Zakeyo Kathumba, mdzukulu wa a Yesaya amene ndi mwini sukulu tsopano, anandipatsa ntchito yolemba mbiri yake. Akuti poti ndimaphunzitsa Chichewa, koma ndikudziwa kuti ankafuna pakamwa pangapa papeze chochita. Ndinayenda m'makomo mwa akuluakulu ndi kope langa. Anandiuza zonse, mpaka mtundu wa nkhuku imene inaphedwa tsiku lotsegulira. Koma ndikangoti 1951, nkhalamba iliyonse inkayamba kuthamangitsa mbuzi zimene ine sindinkaziona. M'kabuku ka a Yesaya munali mzere umodzi wokha: "Disembala 1951. Chipupa chinagwa ndi mvula. Ana khumi ndi mmodzi." Popanda mayina. Pambuyo pake anamanga zipinda za njerwa zowotcha mbali ino ya bwalo, ndipo malo akalewo anangosiyidwa thengo. Ngakhale anthu a pano, amene amalima mpaka m'ngalande za msewu, sanakhomepo khasu.

Amayi anga, Anachisale, ndinkakhala nawo kuseri kwa msika. Sankadziwa kuwerenga, ndipo pa sukulu pano sanapondepo. Ndili mwana sanabwere kudzamva zotsatira za mayeso. Nditalembedwa ntchito anandiphera nkhuku, koma pageti sanafike. Popita kuchipatala ankazungulira njira ya kudambo kuopa kudutsa pano, ndipo ndikawafunsa ankati fungo la choko limawadwalitsa mutu. Ine ndinkawaseka kuti akuopa kuti aphunzitsi awafunsa masamu. Ndinali ndi pakamwa, ndakuuzani kale.

A Zakeyo anafuna holo ya chikondwerero, ndipo malo opanda kanthu anali omwe aja. Amisiri a kuno anakana, aliyense ndi chifukwa chake, wina msana, wina maliro a apongozi amene tonse tinkadziwa kuti ali moyo. Anatenga a ku boma. Tsiku lachitatu akukumba maziko, piki inagunda lata, ndipo pansi pa latalo panali beseni. Linali litadyeka m'mbali, koma lathunthu. Munali miyala.

Ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Ndinalitsuka, ndinatsuka ndi miyala yomwe, n'kuiyala patebulo mu ofesi. Inali khumi ndi iwiri. Ndinawerenganso, popeza kabuku kanati ana khumi ndi mmodzi, koma inali khumi ndi iwiri basi. Umodzi unali woyera, wokhala ndi mzere wofiira pakati. Ndinangoti mwina wina unagweramo pokumba.

Lachisanu pa mzere wa m'mawa ndinatulutsa besenilo kuti ana aone mmene makolo awo ankachitira. Ndinafotokoza bwinobwino, ana n'kumaseka kuti sukulu ya miyala. Pofuna kuti amvetse, ndinatola kamwala kakuda pansi pa mtengo wa belu, n'kuyenda ngati kamtsikana kochedwa, n'kuponyamo. Ngwe. Ana anawomba m'manja. Koma kulira kwa mwala umenewo kunatalika kuposa mmene chitsulo chimalirira, ndipo agalu a kumsika, amene sauwa masana, anayamba kuuwa onse. Ndinabweza beseni mu ofesi osatolamo mwala wanga. Sindinaganizeko n'komwe.

Lolemba m'mawa tinapeza beseni lili pansi, pakhomo pa ofesi, pomwe ndinalisiya pamwamba pa kabati. Makiyi anali ndi a Zakeyo okha. Miyala inali yonyowa, ndipo mvula inali isanagwe chaka chimenecho. Tinalibweza. Lachiwiri linali pakhomo pomwepo.

Kenako chitsulo choimbira belu chinayamba kusowa. Belu lathu nthawi imeneyo linali limu ya lole yopachika pamtengo, ndipo chitsulocho chinkakhala pamphanda. M'mawa chinkapezeka, pa buleki chinkapezeka, koma ikakwana nthawi yoweruka, palibe. Tinkamenya limuyo ndi mwala, n'kumangoti phu, ngati wamenya thumba la gaga. Tinakalipira ana, tinasecha m'zikwama. Tsiku lililonse amisiri ankachipeza m'ngalande ya maziko, chitagonekedwa bwinobwino.

Amisiriwo sanathe sabata yachiwiri. Kapitawo wawo, munthu wa ndevu zake, anati iye sanaone kanthu, sanamve kanthu, koma ntchito aisiya. Ndinapita ndekha masana kukaona chimene chinathamangitsa amuna asanu ndi awiri. Panalibe chilichonse. Dothi lofiira, zikhomo, chingwe. Koma inu ndinu aphunzitsi, mumvetsa izi: chete wa chipinda chopanda anthu ndi wina, ndipo chete wa ana amene auzidwa kuti akhale chete ndi winanso. Wachiwiriyu amapuma. Amakhala ndi wina amene akudziletsa kutsokomola. Chete amene anali pamenepo anali wachiwiriyu, ndipo ndinapezeka kuti ndikuyenda monyang'ama kuti ndisasokoneze.

Kuyambira masiku amenewo kuweruka kunayamba kundivuta. Ana onse apita, anzanga apita, ine ndili patebulo kusanja makope osanjidwa kale. Ndikafika pageti miyendo inkalemera ngati ndaponda m'matope a kudambo, ndipo mumtima ndinkamva manyazi, manyazi a mwana amene akuzemba. Ndinakumbukira kamwala kanga. Ndinakatola m'beseni, ndinakaika m'chikwama, n'kutseka zipi. Nditafika kunyumba munalibe. M'mawa kanali m'beseni, konyowa ngati inzake. Apo mantha anandigwira, sindikubisa, koma sindinauze munthu. Mphunzitsi wa setifiketi angayambe bwanji nkhani yotere?

Linali Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, mitambo ikusonkhana kumapiri koma fumbi likadali louma, pamene ndinakumana naye. Ndinkachokera ku positi ofesi, panjira ya pakati pa minda. Munthu wamtali, wa jekete la khaki, wopanda nsapato kuphazi. Nsapato zinali m'khosi. Ndinaona zimenezo, ndipo ndinali nditazilemba ndekha m'kope langa, koma mutu sunalumikize. Chimene ndinadabwa nacho n'chakuti jeketelo linali lonyowa chonchi, madzi akuchucha m'mikono, koma pafumbi posaoneka dontho. Nkhope musandifunse. Ndayesa zaka zonsezi kuikumbukira, imangobwera ngati nkhope ya munthu amene waima kumbuyo kwa dzuwa.

Anavula chipewa. "Pepani mayi, simunaoneko kamtsikana kakudutsa apa? Kanyamula kachitini. Dzina lake Esinati."

Mawu ake anali aulemu, ndiponso otopa kwambiri. Ndinamumvera chisoni. Dzina limenelo pa Kamtsitsi panalibe wolitchula, koma ine ndinkalidziwa, linali pa khadi la kuchipatala la amayi. Ndiye ndi pakamwa panga paja ndinaseka, n'kuti Esinati amene ndikumudziwa ine ndi mmodzi, koma kamtsikana ayi, ndi mayi anga a imvi zawo.

"Akukhala kuti?"

Kwathu kuno mlendo akafunsa njira sumumana. Ndinakweza dzanja ili, chala ichi, n'kumulozera: kuseri kwa msika, nyumba ya mpanda wa nkhadze, pali mtengo wa mapeyala. Anathokoza, anavala chipewa. Nditayenda pang'ono ndinacheuka. Njira ija ndi yowongoka, minda inali isanamere, koma munalibe munthu.

Pageti panali Mayi Ndaziona, amene ankagulitsa zitumbuwa pamenepo chiyambire ine ndili mwana. Ndinawafotokozera ngati nkhani yoseketsa. Iwo sanaseke. Anavundikira lichero lawo pang'onopang'ono, n'kundifunsa chimene ndinamuyankha. Nditawauza, anakhala pansi padothi, mayi wamkulu, miyendo tambalale.

"Idesi, mwana wa Anachisale iwe," anatero, "ameneyo akafunsa za mtsikanayo timati sitinamuone. Agogo ako ankati sitinamuone. Ine anandifunsa kawiri ndili mtsikana, ndinati sindinamuone. Tauni yonse ino yakhala ikunena kuti sitinamuone."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji ine sanandiuze. Anati akanandiuza bwanji osandiuza za amayi anga, ndipo zimenezo sizinali zawo zonena. Anati a Yesaya atamwalira mu 1963 ankaoneka mvula yoyamba iliyonse, kenako anayamba kusowa, anthu n'kuganiza kuti agona. Mwawadzutsa ndi beseni lanulo, anatero.

Ndinathamanga. Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu, ali bwinobwino. Koma pageti la mpanda, pafumbi louma, panali ponyowa, malo okwana mapazi awiri, ngati munthu anaima pamenepo nthawi yaitali. Amayi anali atapaona kale. Manja awo ankasenda makoko opanda kanthu.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, anandiuza zimene sanauzepo bambo anga. Mu 1951 anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. M'kalasi ya a Kathumba ankakhala pansi, kutsogolo, pafupi ndi mkulu wawo Dolika wa zaka khumi. Ine ndinkadziwa kuti anali ndi mkulu amene anamwalira ali wamng'ono, basi. Sabata imeneyo mvula inagwa masiku anayi osakata, zidina zitamwa madzi mpaka kufewa. Tsikulo inakata pang'ono chakumasana, ndipo ngumbi zinatuluka pachulu cha kuseri kwa sukulu. Amayi anaziona pazenera. Chaka chinali cha njala, ndipo anali ndi kachitini. Aphunzitsi atatembenukira kubolodi, ananong'oneza Dolika kuti, "Undisungire malo, ndikubwera," n'kudumpha pazenera.

Ngumbi zinawatenga mtima, chulu ichi, chulu icho, mpaka kutali. Nthawi yoweruka a Kathumba anangoyang'ana pamzere n'kuona mpata pafupi ndi Dolika. Mvula inali itayambanso. Anauza ana kuti wina asasunthe, wina asatole mwala, mpaka abwere naye Esinati. Anatuluka. Amayi anawamva akuitana dzina lawo m'minda, n'kubisala kuseri kwa chulu poopa chikwapu. Akuti anaitana nthawi yaitali. Kenako anamva chiphokoso, osati chachikulu, ngati ng'ombe yagwa m'khola.

Ana akumbuyo anapulumuka, ndipo makolo awo anawatolera miyala yawo pambuyo pake pofuna kuchotsa tsoka. Akutsogolo anaona chipupa chikung'ambika. Anali ndi nthawi yothawa, anatero opulumukawo, koma aphunzitsi anali atanena kuti wina asasunthe.

Makolo a amayi anawatumiza kwa amalume awo kutali, ndipo anabwerera kuno atakwatiwa. A Yesaya anatumizapo uthenga kamodzi kokha, wakuti mwala wako ulipo, bwera udzatole, palibe adzakumenye. Sanapite. "Ndikanawayang'ana bwanji?" anatero amayi. Kenako anandifunsa ngati mwala woyera wa mzere wofiira ukadalimo. Nditavomera anatseka maso. Atatsegula anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikabisa kanthu ndili mwana.

"Iwe sunaponyemo wako?"

Ndinanama. Ndinati ayi.

Ndinanama chifukwa ndinadziwa chimene angachite, ndipo ndinadziwanso, mmene munthu amadziwira kuti mvula ikubwera, kuti akakalowa pageti ili sindidzakhala nawo nthawi yaitali. Ndinali ndi mayi mmodzi. Bambo anali atapita kale, ukwati wanga unali utatha, ndipo munthu amene ankandidikira kunyumba anali iwowo. Ndinaimbira mchimwene wanga ku Lilongwe kuti awalandire. Amayi sanakane. Anali ndi mantha, mantha enieni. Anati anathawa kale kamodzi, kuthawa kachiwiri sikungavute. A Zakeyo anaitana abusa, anapemphera mu ofesi ndi pamaziko pomwe, ndipo sindikunyoza pemphero, koma tsiku lomwelo chitsulo cha belu chinasowanso.

Lachisanu m'mawa ndinawaperekeza amayi pa siteji ndi chikwama chawo. Minibasi inali isanadzaze, ndipo ine ndinali ndi mayeso a Sitandade 6, ndiye ndinawasiya atakhala pampando wa pazenera. Ndinawauza kuti ndidzabwera pa Khirisimasi. Anandigwira dzanja, n'kunena kuti manja anga akuzizira ngati ndachapa.

Za masana amenewo ndikukumbukira pang'ono. Ndikukumbukira ana akutuluka popanda belu, mitambo itada, mphepo ikununkha dothi. Ndikukumbukira ndikupita ku ofesi kukasiya mapepala, n'kupeza pakhomo palibe beseni. Sindinadabwe. Ndinadziwa kumene lili. Zotsatira zake ndinapezeka nditakhala pansi pakati pa maziko aja, miyendo yowongola, manja pamaondo, mmene tinkakhalira asanabwere madesiki. Beseni linali pamene panali khomo kale. Mvula inayamba, yamadontho akuluakulu.

Sindinkaopa. Ichi n'chimene chimandiopsa lero. Ndinkangodikira. Njala inkandipweteka, njala yoopsa, ngati sindinadye masiku ambiri, ndipo mwendo unachita dzanzi, koma sindinaganize zousuntha. Kumanja kwanga ndi kumbuyo kwanga kunali kupuma kwapang'onopang'ono. Wina ankakoka mamina mosamala. Sindinatembenuke, popeza tinauzidwa kuti tisasunthe. Kumanzere kwanga kunali mpata wokwana mwana mmodzi, ndipo pampata umenewo mvula inkagwa, pomwe kupitirira mpatawo panali malo pamene madontho sankafika pansi.

Akuti a Zakeyo anandiitana, anandikoka dzanja, amuna awiri analephera kundinyamula. Ine sindinamve. Mayi Ndaziona ndi amene anasiya lichero pamvula n'kuthamangira ku siteji. Minibasi ija inali itachita matenda ake, dalaivala ali pansi pake chiyambire m'mawa, ndipo amayi anali akadali pampando wa pazenera. Mayi Ndaziona anangowauza kuti mwana wako wakhala pamzere.

Chimene ndinamva ine ndi mapazi. Patapata m'matope, pang'onopang'ono. Amayi analowa pageti limene analizungulira zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, chitenje chitamatirira m'thupi, mpango utagwa. Anadutsa bwalo lonse osayang'ana kumbali. Atafika pa beseni anaima, anavula patapata, anagwada mmene mwana amagwadira kwa mphunzitsi. Kumbuyo kwawo, mvula inkagwa mozungulira chinthu chachitali.

Pamenepo lilime langa linamasuka. Ndinawapempha kuti abwerere, ndinati ine ndikhala, ndizolowera, asatole. Anandiyang'ana, osakwiya.

"Unandinamiza, Idesi. Koma khala chete. Ine ndakula, ndakwatiwa, ndabereka, ndadya za m'dziko muno mpaka mano kutha. Anzangawa sanadye chamasana."

Kenako anaweramitsa mutu, ndipo mawu amene anatuluka sanali a mayi wa imvi.

"Ndabwera, aphunzitsi. Ndinapita ku ngumbi. Pepani."

Panalibe yankho limene khutu lingamve. Amayi anakhala chogwada kanthawi, akugwedeza mutu ngati akumvera. Kenako anadzuka, anabwera kudzakhala pampata uja, kumanzere kwanga, n'kuwongola miyendo. Anatembenukira mbali inayo, ya Dolika, n'kunong'oneza kanthu, ndipo anaseka pang'ono, kuseka kothira misozi.

Apo belu linalira. Kumtengo kunalibe munthu, a Zakeyo ndi mboni, koma limu ija inalira katatu, momveka mpaka kumsika. Amayi anadzuka, anapita pa beseni, anatola mwala woyera. Anandiuza kuti ndiyang'ane pansi, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinamva chitsulo chikukhudzidwa, kwe, kenako timapazi m'matope. Kwe, timapazi. Ndinawerenga, ndi chizolowezi cha ntchito. Khumi ndi kamodzi. Sanathamange ngati ana athuwa akaweruka. Anatuluka mwadongosolo, n'kukaima panja, kudikira.

"Idesi, watsala ndiwe," anatero amayi. "Tola wako msanga. Usawadikiritse ngati ine."

Miyendo inamasuka. M'beseni munali kamwala kakuda kokha, ndi madzi a mvula. Ndinakatola.

Tinabwerera kunyumba wapansi, mvula ikucheperachepera. Amayi ankayenda patsogolo, dzanja lamanja atafumbata mwala, lamanzere litatsika m'munsi, zala zitapinda, mmene umayendera ukagwirana ndi mwana. Pamphambano ya ku Chisenjere anaima nthawi yaitali akuyang'ana njira ya kumtsinje. Ngumbi zinali zitatuluka paliponse. Ndinawagwira chigongono, ndikuopa kuti akhotera komweko. Anayang'ana dzanja lawo lamanzere, n'kunena motsitsa kuti, "Tsogola, ndikupeza. Ulendo uno sindichedwa." Zala zija zinatambasuka.

Anakhala masiku awiri. Sanadwale. Loweruka anadzala mtedza wawo wonse, mizere yowongoka, n'kundionetsa pamene anasunga mbewu ya nyemba. Lamulungu masana anandiuza kuti ndiwalembere dzina lawo papepala, aone mmene limaonekera. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu. Analitsata ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kunena kuti kwa a Kathumba anali atafika pa chilembo chachitatu. Ndinalira, ndinawauza kuti ndine ndawapha ndi chala changa cholozera. Anati ndisiye zopusa.

"Anthu onsewa ankandikonda, n'chifukwa chake ankati sitinamuone," anatero. "Koma munthu uja anatopa, mwanawe. Panafunika wina wopanda nzeru woti amuyankhe."

Anakagona pamphasa pakhonde, dzuwa likadalipo, akuti angowongola msana. Azimayi osambitsa maliro analephera kutambasula dzanja lamanja, ndipo ndinawauza kuti alisiye choncho.

Kabuku ka mbiri kanatuluka, kali mu laibulale umo. Za 1951 muli mzere umodzi womwe uja, poti komiti inati zinazi zingathawitse makolo. Holo inamangidwa pomwepo, amisiri a kuno ndi amene anaimaliza, ndipo simunamvekenso kanthu. Munthu wa jekete la khaki palibe anakumana nayenso. Anthu amati nkhani inatha bwino. Mwina. Ine ndimangodziwa kuti ndinaponya kamwala pofuna kuseketsa ana, ndipo kunyumba kwanga kulibe wondidikira.

Beseni lili kwanga, lovundikira, ndipo likhala lovundikira, chifukwa m'kabati ya magalasi tsiku lina padzapezeka wanzeru wina wofuna kuonetsa ana mmene zinkachitikira. Kamwala kanga ndi aka, ndimayenda nako. Inu mumati ndimalekerera ana, poti belu likangolira ndimatsegula chitseko ndekha, ngakhale wina asanamalize, ngakhale wina wasowa. Nenani zimene mukufuna. Chaka chatha kamtsikana ka Sitandade 2 kanapempha kupita panja, ndipo podzuka ndinakamva kakuuza mnzake kuti undisungire malo. Ndinasiya choko, ndinakaima pakhomo, ndipo sindinalembe chilichonse pabolodi mpaka kanabwera.